Matebulo Awiri, Nkhuku Imodzi

Ana inu, ikani mafoni pansi. Natasha, makamaka iwe. Sabata yonse ndakhala ndikukumva kuseri kwa nyumba ukukamba ndi foni yako: "I would like a cup of tea, please." Foni nayo ikukuyamikira kuti wakhoza. Koma tiyi mpaka lero sanafike. Poti mwezi wamawa ukwera ndeke kukaphunzira unamwino kunja, ndaona kuti ndi udindo wanga, monga munthu wophunzira kwambiri pakati pa onse amene sanamalize, kukuuzani mmene Chingelezi cha m'lesitilanti chimachitira chikakumana ndi munthu wanjala.

Mapalo, usaseke. Koleji ndinapita ine. Chaka chimodzi ndi theka, ku Lusaka, maphunziro a zamalonda. Anzanga anafunika zaka zitatu kuti amvetse. Ine ndinaona kuti ndamva zokwanira, ndipo aphunzitsi atayang'ana mapepala anga a mayeso anagwirizana nane kuti ndisavutike kubweranso. Ndinabwerera ku Kafue ndi sutikesi ya malata, tayi imodzi, ndi Chingelezi chambiri chosowa kochigwiritsa ntchito.

Chikanagwira ntchito kuti? Masiku amenewo kudya m'tauni muno sikunkafuna chilankhulo. Pafupi ndi siteshoni ya sitima panali kanyumba ka mayi wina, mabenchi awiri, beseni ndi jagi pakhomo. Usamba m'manja, ukhala pansi. Mayiyo afunsa, "Nyama olo nsomba?" Ukati nyama, ati yatha. Ukati nsomba, akubweretsera pa mbale ya chitsulo yothothoka utoto m'mphepete, munkoyo m'kapu pambali. Menyu inali mphuno yako. Inu lero muitanitsa chakudya ndi chala chachikulu, munthu wa njinga yamoto n'kubweretsa matchipisi ozizira pageti pano pa Estates, inu n'kumati chitukuko.

Nditapeza ntchito ya ukalaliki, ndinakwatira ambuya anu. Kwawo ku Chanyanya, mukudziwa. Amayi awo, Ba Esitere, ndiwo anali apongozi anga, ndipo inu nonse munabadwa iwo atapita kale. Anali ogulitsa nsomba. Asodzi akamakokera mabwato kumtunda m'mawa, ankayamba ayang'ana ngati Ba Esitere afika, kuti abise nsomba za dzulo. Iwo nsomba ankangoidina ndi chala, kuyang'ana diso, kutsegula m'mbali mwa mutu kuona ngati muli mofiira, n'kukuuza ola limene yafera. Anyamata a njinga za madengu obwera nazo kumsika kuno ankati bola kukumana ndi mvuu.

Manje mverani bwino, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani. Kwa ife, mkamwini ndi apongozi aakazi sankayang'anana kumaso, sankakambirana, sankagwirana chanza, ndipo sankadyera pamodzi. Tikakumana m'njira, ine ndinkalowa m'tchire n'kugwada, kuwomba m'manja nditayang'ana kwina. Minga ya ku Chanyanya yonse imandidziwa. Akabwera kudzacheza kuno, ine ndinkadyera kuchipinda, mbale pamaondo, ngati wodwala. Mawu ankadutsira mwa munthu wina. Pakasowa munthu, ankadutsira mwa chilichonse chimene chilipo. Atate ako iwe Natasha, Dalitso, anayamba ntchito imeneyi ali ndi miyezi itatu. Apongozi ankamunyamula n'kunena, "Dalitso, uwauze atate ako kuti denga ili lidontha." Ine ndili pakhomo pomwepo n'kuyankha, "Dalitso, uwauze ambuya kuti malata adula." Mwana ali gone tulo.

Mwambo umenewu uli ndi mathero ake. Apongozi akaona kuti mkamwini ndi munthu, amamuphera nkhuku yathunthu, n'kumupatsa ndi manja awo, nthutumba ili momwemo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndi mayi ndi mwana. Mkamwini sapempha, amadikira. Anzanga amene tinakwatira chaka chimodzi anadya nkhuku zawo ana asanayambe sukulu. Ine ndinadikira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ambuya anu akawafunsa, apongozi ankayankha kuti, "Munthu amene anasiya koleji pakati, tiyambe taona chimene adzamalize." Nkhuku za ku Chanyanya zinkafa ndi ukalamba chifukwa cha ine.

Kenaka maso a Ba Esitere anachita ng'ala. Poyamba limodzi, kenaka onse awiri, mpaka ankangoona kuwala ndi mdima. Nsomba ankaidziwabe ndi chala ndi mphuno, koma njira yopita kudooko inawasowa. Analinso ndi matenda a shuga. Mwana wawo wamwamuna, alamu anga Ba Bonifasi, ankagwira ntchito ku Kepitauni, ndipo anapeza dokotala wa maso amene anapereka tsiku limodzi: Lachinayi m'mawa. Mukaphonya, mudikirenso miyezi. Alamu sakanatha kuchoka kuntchito, anati adzatichingamira kubwalo la ndeke la komweko. Ambuya anu anali ndi pakati pa azakhali anu a Taonga, mwezi wachisanu ndi chitatu, a ndeke sakanawalola. Banja linakhala pansi kufunafuna munthu wokhala ndi pasipoti ndi Chingelezi. Pasipoti ndinali nayo, ndinaitenga kalekale chifukwa cha ntchito ya ku Botswana imene sindinapiteko. Maso onse anatembenukira kwa ine. Apongozi anatembenukira kuchitseko.

"Chitseko iwe," anatero, "ameneyu akanisiya pakati pa njira monga koleji."

M'mawa wa Lachitatu ambuya anu anawamwetsa mankhwala a shuga ndi kaphala pang'ono, n'kundikokera pambali. Anati, "Atate ake Dalitso, ikamakwana 13 koloko akhale atadya. Mukaona manja anjenjemera ndi thukuta pamphumi, ndiye kuti shuga yatsika. Akakomoka, posintha ndeke ku Joni, yachiwiriyo sakukwezani." Ndinati asadere nkhawa, Chingelezi choitanitsira chakudya tinachiphunzira teremu yoyamba, imene ndinakhoza.

M'ndeke anatipatsa mipando yoyandikana. Apongozi anadzifunda chitenje kumutu n'kuyang'ana kuwindo kumene sankaonako kanthu. Mtsikana wa m'ndeke anabweretsa timbale tiwiri. Iwo sakanadya ine ndili pambali. Ine sindikanadya iwo ali pambali. Timbale tinabwerera tili titsekere, ndipo mtsikanayo ayenera kuti anaganiza kuti ndife a mpingo wosala kudya.

Tinatsika ku Joni cha m'ma 12, ndeke ya ku Kepitauni inali ya 16 koloko. Bwalo limenelo, ana inu, mukhoza kulowetsamo msika wonse wa Kafue n'kutsala malo a mpira. Kuwagwira dzanja sindikanatha, choncho ine ndinagwira ambulera kumutu, iwo kumchira, n'kumayenda ngati ngolo ndi ng'ombe yake. Tinafika pa lesitilanti ina ya magalasi okhaokha. Pakhomo panaima mtsikana wamtali woperekera zakudya, wetala, atanyamula mabuku a menyu.

Phunziro loyamba, Natasha, limene foni yako sinakuuze: usanaitanitse chakudya, amayamba akuwerengani. Mtsikana anamwetulira n'kuti, "Table for two?" Kutanthauza, tebulo la anthu awiri. Funso la mwana wa giredi wani. Ine wa koleji ndinaima ngati ndafunsidwa za malamulo a dziko. Tebulo limodzi, ine uku, apongozi uko, mbale zikuyang'anana? Ndinakonza tayi n'kuyankha mwaulemu wonse, "Two tables, please. One each." Matebulo awiri, aliyense lake.

Anatiyang'ana, anayang'ana ambulera, sanafunse kanthu. Anthu a ntchito imeneyi anaona zambiri. Anatipezera timatebulo tiwiri pafupi ndi chipilala, ndipo tinakhala chofulatirana, msana ndi msana.

Menyu inali yaitali ngati buku la nyimbo. Apongozi sakanaiwerenga ngakhale akanakhala ndi maso, ndiye ndinayamba kuiwerengera chipilala mokweza, ndikumasulira. Nyama ya ng'ombe yopyapyala, chipilala chili chete. Buledi wa tchizi, chete. Nditafika pa nsomba ndinamva mpando kumbuyo kwanga ukusuntha. Wetala anali ataima pakati pathu ndi kabuku kake, ndipo apongozi anapeza munthu wodutsiramo mawu. Zoti mtsikanayo sankamva Chinyanja ngakhale liwu limodzi, iwo analibe nazo ntchito. Dalitso nayenso sankamva.

"Mwana wanga," anatero kwa wetala, "uwauze atate ake Dalitso akufunse. Nsomba iyi yagwidwa liti, pa mtsinje uti, na ukonde olo na mbedza?"

Ine ndinafupikitsa. "Is the fish fresh?"

"Very fresh, sir."

"Mwana wanga," ndinatero kwa wetala m'Chinyanja, "uwauze amayi kuti wati ni ya lero."

"Onse amakamba choncho," anatero apongozi.

Mtsikana mutu uku, mutu uku, ngati akuonera mpira. Ndinati, "She would like the fish, please," ndikuganiza kuti ndamaliza. Phunziro lachiwiri: kunja yankho limodzi limabala mafunso atatu. "Grilled or fried?" Yowotcha kapena yokazinga. Yowotcha. "Chips, rice or salad?" Nshima palibe, ndinafunsa, anaseka. Mpunga. "Anything to drink?" Ndinakumbukira ambuya anu n'kuitanitsa juwisi wa malalanje, wotsekemera. Funso lililonse linkachoka kwa wetala kubwera kwa ine, kubwerera kwa wetala m'Chinyanja, kupita kwa apongozi, n'kubwereranso njira yomweyo. Pamene ankandifunsa za ine mwini, koloko ya pakhoma inali itadutsa 13. Ndinati, "I would like a cup of tea, please," monga iwe, Natasha. Tiyi ukhoza kumwa mobisa, sikudya kwenikweni.

Nsomba inabwera patapita mphindi makumi awiri. Wetala anaika mbale, anati "Enjoy your meal," n'kuthamangira gulu la azungu limene linali litangolowa. Ine ndinatchera khutu kumbuyo kudikira phokoso la supuni. Palibe. Kenaka ndinamva apongozi akukamba ndi kabotolo ka mchere.

"Botolo iwe, iyi si nsomba. Ilibe mutu, ilibe minga, ilibe mamba. Ningadziwe bwanji kuti inali ndani? Sinidya."

Ndinaphwanya mwambo pang'ono, ndinacheuka. Dzanja lawo linali pamphepete pa tebulo likunjenjemera, foloko ikulira pa mbale. Pamphumi thukuta, m'chipinda chozizira ngati firiji. Juwisi ali chidzadzire. Apo ndinazindikira kuti nkhani si mutu wa nsomba. Mayi ameneyu anadyapo zoipa kuposa izi m'zaka za njala. Nkhani inali ine. Msana ndi msana sikutali. Ankandimva ndikupuma.

Ndinakweza chala n'kuti, "Excuse me." Ndinanena ndi mawu a m'kalasi, aulemu, otsika, ndipo anafika pa tebulo lachiwiri n'kufera pomwepo. Ndinanenanso. Wetala anali kutali akulemba za azungu. Ndinaganiza zotuluka, ndikaime panja kuti adye momasuka. Nditangokankha mpando, apongozi anakumbatira chikwama chawo ndi manja onse awiri.

"Botolo, uwauze asachoke. Siniona. Anthu onse awa siniwadziwa."

Zaka zonsezo ndinali ndisanamvepo mantha m'mawu a Ba Esitere. Ndiye onani mmene zinalili: ndikakhala, sadya. Ndikachoka, atsala okha mumdima m'dziko la eni. Akapanda kudya, akomoka, ndeke itisiya, Lachinayi lidutsa, ndipo maso aja atsala momwemo. Teremu yoyamba sitinaphunzire zimenezi. Mwina zinali za chaka chachitatu.

Ndinazungulira tebulo lawo n'kugwada pansi, pa matailosi, tayi ndi jekete, anthu a mitundu yonse akudutsa ndi masutikesi a mateyala. Ndinayang'ana kabotolo ka mchere, chifukwa ulemu ndi ulemu.

"Botolo," ndinatero, "uwauze amayi kuti manja awo anjenjemera, ndipo mwana wawo ananiuza chimene chimatsatira. Uwauze kuti koleji ninasiya, ni zoona. Ntchito ya ku Botswana sininapite, ni zoona. Koma ulendo uno siniusiya pakati. Sinichoka pano, ndipo sininyamuka pansi pano mpaka adye. Ngati ni mlandu, tikakambe ku Chanyanya, akaniweruze akuniona na maso."

Ine maondo akuwawa, diso lili pa dzanja lija. Kenaka apongozi anafufuza pa tebulo, anapeza kabotolo, anakakankhira kumbali ngati munthu amene wachotsedwa ntchito.

"Atate ake Dalitso," anatero. Kwa ine. Popanda chitseko, popanda mwana. "Nkhuku pa Chizungu ni chani?"

"Chicken, amayi."

"Nanga poitana mtsikana uja mwati chani? Chija mwanong'oneza kawiri?"

Ndinawauza. Anawongola msana, anakoka mpweya, n'kutulutsa mawu amene ankaimitsa bwato lili pakati pa mtsinje wa Kafue.

"SIKIYUZIMI!"

Lesitilanti yonse inaima. Mzungu wina anagwetsa mpeni. Wetala anafika apongozi asanatseke pakamwa. Apongozi anakweza chala chimodzi chonjenjemera, n'kuloza kumene ankamva kuti ndagwada.

"Chikeni. Wani. Uyu."

"Quarter, half or full?" anatero mtsikana, poti mafunso satha.

Ndinamasulira, ndipo ndinamasulira molunjika, kwa iwo. Anakwiya. "Mkamwini amapatsidwa chidutswa? Yonse! Na nthutumba yake." Ndinati, "A full chicken, please." Za nthutumba ndinayesa. Liwu lake la Chingelezi linandithawa, mpaka ndinaloza pamimba panga ndikufotokoza kuti kathumba kamene nkhuku imasungamo timiyala. Mtsikana anamva, anapepesa, anati zimenezo sizifika kukhitchini kwawo.

"Dziko la nsomba zopanda mutu na nkhuku zopanda nthutumba," anatero apongozi. "Nyamukani, mukhale apa. Nkhuku yaitanidwa kale, mwambo wayamba." Anafufuza galasi, ndinawasunthira pafupi, ndipo anamwa juwisi yense osapuma. Kenaka anasiya foloko, anayamba nsomba ija ndi manja. Ndinakhala ndikuwerenga mbamu zawo ngati mlonda. Pofika theka la mbale, dzanja linali litaleka kunjenjemera.

"Ni ya m'firiji," anatero akutafuna. "Masabata awiri. Koma sinawole."

Nkhuku itabwera, anauza mtsikana ndi manja kuti aiike patsogolo pawo. Anainyamula mbale yonse ndi manja awiri n'kundipatsa. Ndinalandira ndi manja awiri. Sindikuuzani kuti ndinalira, chifukwa munthu wa koleji salira m'lesitilanti. Tsabola anali wambiri, ndipo ndinali nditaiwala kunena kuti "No chilli, please." Limenelo ndi phunziro lachitatu. Nkhuku yathunthu ndi tiyi wozizira, ndinamaliza yonse, mpaka mafupa, iwo akumvetsera.

"Mwamaliza?"

"Namaliza, amayi."

"Ehe. Chimodzi mwamaliza."

Pochoka ndinati, "The bill, please," ndipo wetala anafunsa akumwetulira ngati tikufuna mapepala awiri, tebulo lililonse lake. Ndinati limodzi. Popita kundeke ambulera ndinaipachika pamkono. Apongozi anandigwira pachigongono.

Lachinayi dokotala anachita ntchito yake, diso loyamba, linzake sabata yotsatira. Tsiku lochotsa bandeji, alamu anga ali pomwepo, Ba Esitere anayang'ana mwana wawo, anayang'ana windo, kenaka anandiyang'ana ine. Kumbukirani kuti chikwatire changa anali asanandiyang'anepo kumaso. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kudazi, osafulumira, monga ankachitira ndi nsomba padooko.

"Ndiye ndimwe?" anatero. "Ninali kuganiza kuti ndimwe aatali."

Anakhala zaka zina zisanu ndi zinayi, akuona, akuopseza asodzi. Tinkadyera mbale imodzi, ndipo ankandinena pamaso, zimene ndinapeza kuti n'zopweteka kuposa kudzera m'chitseko. Tsiku limene tinafika ku Chanyanya kuchokera ku ulendowo, asanavule n'komwe nsapato, anatuma kuti agwire tambala wamkulu. Anaphika okha. Anavuula nthutumba n'kuiika m'dzanja langa, anati ya ku Joni ija inali yopereŵera.

Ndiye Natasha, pitiriza kukamba ndi foni yako, mawuwo ndi oona ndipo udzawafuna. Koma "Excuse me" uzimunena kuchokera m'mimba, monga ambuya a atate ako. Ndipo iwe Mapalo, ndakuona ukuzungulira kukhitchini kumene ambuya anu akuphika nkhuku. Lamlungu lililonse umafunsa chifukwa chimene nthutumba imapita m'mbale mwanga. Ndinaidikira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Iwe uli ndi khumi ndi ziwiri. Tenga phiko.